Zomwe Zinagwa ku Kalembo

Minibasi ya timu ya ku Liwonde inafika ikuliza wayilesi mpaka magalasi kunjenjemera, koma dalaivala ataona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu wolowera kubwalo, anazimitsa nyimbo msangamsanga n'kuima pambali. Osewera anatsika mmodzimmodzi, zipewa zili m'manja. Palibe amene anafunsa kanthu. Masamba pamsewu ndiye kuti pagwa maliro, ndi mwana yemwe amadziwa.

Haruna Sadiki, kaputeni wa timu ya kiriketi ya Kalembo, anali ataima tsidya lina la masambawo ndi anzake khumi. Onse anali atavala kale zoyera zosewerera, chifukwa uthenga unawapeza m'mawa akusesa pabwalo. Womaliza kutsika m'minibasi anali a Blasius Makwinja, mphunzitsi wopuma ntchito amene anali mlembi wa ligi, komanso woyimbira masewero a tsikulo. Anatsika ndi fayilo yawo kukhwapa, monga mwa nthawi zonse.

Haruna anawapatsa moni ndi manja awiri n'kuwafotokozera. Che Zubairu, eni nyumba yomwe mpanda wake unagundana ndi bwalolo, anali atamwalira atangochoka kumzikiti ku swala, pemphero la m'bandakucha. Mwambo wa Chisilamu suchedwetsa mtembo, choncho maliro amayikidwa tsiku lomwelo ikatha swala ya masana. Anapempha kuti masewerowo, omwe anali omaliza a chaka, asunthidwe kufika Loweruka linalo.

A Blasius anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana wotchi yawo.

“Maliro enanso, a Sadiki?”

Mawu amenewo anamulasa Haruna, chifukwa anali ndi pochokera.

Kiriketiyi Haruna anaiphunzira ku Limbe, komwe anagwirako ntchito m'sitolo zaka zisanu. Atabwerera kwawo n'kuyamba kukonza njinga pamsika wa Ulongwe, anasonkhanitsa akabaza, alimi a thonje ndi aphunzitsi awiri n'kuwaphunzitsa kuponya mpira dzanja lili chiwongokere. Anthu ankaseka kuti amuna akuluakulu akusewera phada. Zaka zitatu zathunthu Haruna ankalemba makalata opempha malo mu ligi ya matimu a ku Zomba, Liwonde, Balaka, Machinga ndi Mangochi, ndipo zaka zitatuzo ankamuyankha kuti adikire. Chaka chimenecho ndiye anawalandira, n'kuwabwereka chikwama cha zipangizo: mabati omenyera mpira, zotchingira miyendo, magolovesi ndi mipira yofiira.

Chiyambi chake chinali chamanyazi. Ku Zomba anatuluka onse ndi marani, mapointi a kiriketi, 23 okha, ndipo eni bwalo anawafunsa ngati anabwera kudzasewera kapena kudzafuna ganyu. Dzina linamera pomwepo, timu ya ganyu. Koma anyamata a Kalembo ndi ouma mitu, chitonzo chimangowanenepetsa. Pofika Julayi anagonjetsa a Balaka pabwalo lawo lomwe. Mu Ogasiti, Sharifu, wakabaza wamtali amene ankaponya mpira ngati akugenda nyani m'munda, anatulutsa anthu asanu ndi mmodzi a ku Mangochi dzuwa lisanafike pamutu. A ku Zomba aja atabwera ku Kalembo anapita kwawo osatsanzika.

Chomwe chinawononga zonse chinachitika mu Juni. Ogula thonje anabwera Loweruka, tsiku lomwe timu imayenera kupita ku Machinga, ndipo osewera asanu ndi awiri ananeneratu kuti sangasiye thonje lawo pamzere chifukwa cha mpira. M'malo monena zoona, Sharifu anaimbira foni a Blasius n'kuwauza ndi mawu onjenjemera kuti kwagwa maliro, azakhali ake atisiya. Haruna anali ataima pambali pake, sipanala ili m'manja, ndipo sanamuletse. A Blasius anamva chisoni n'kusuntha masewerowo. Tsoka ilo, tsiku lotsatira anali pa ulendo wa ku Mangochi, ndiye anatsika pa Ulongwe ndi paketi ya shuga kuti akapepese. Amene anawalandira pakhomo n'kuwayalira mphasa anali malemu azakhaliwo, ali gwa, akusenda nandolo.

Komiti ya ligi inakhala pansi sabata yomweyo. Zinapezeka kuti matimu enanso anali atapha kale agogo awo kangapo konse, choncho anakhazikitsa lamulo: maliro si chifukwanso chosunthira masewero, chifukwa chovomerezeka ndi mvula basi. Timu yolephera kusewera kawiri pachaka ichotsedwe mu ligi, ibwezenso chikwama. Za ku Machinga zija anaziwerenga ngati kulephera koyamba kwa Kalembo. Tsopano kunali mu Okutobala, ndipo kukana kulowa m'bwalo tsiku limeneli kukanakhala kwachiwiri.

“Bodza lija ndi lathu, bambo, sindikukana,” anatero Haruna. “Koma awa si abodza. Tiyeni kusiwako mukadzionere.”

A Blasius anati sakufunika kupita kulikonse, kulira kwa amayi akukumva ali pomwepo. Sankakayika kuti munthu wamwaliradi. Koma lamulolo, iwo anati, analibereka ndi a Kalembo omwewo, ndipo akaliphwanya lero, chaka chamawa ligi yonse idzakhala ya anamfedwa okhaokha. Anawauza kuti asewere mwakachetechete, opanda kukuwa kapena kuwomba m'manja, ndipo pofika masana adzakhala atamaliza.

Haruna sanagwirizane nazo. Mwakachetechete bwanji? Bati ikamenya mpira imamveka mpaka kumjigo. Ndipo chaka chonsecho mipira inkagwera padenga la malata la Che Zubairu, mkuluyo n'kumatuluka ndi ndodo kudzawalalatira. Lero mpira ukagwe phwaa pamwamba pa amayi olira, wina alowe m'siwa n'kunena kuti pepani, tadzatola mpira wathu? Anawauza a Blasius zonsezi mosapsatira, ndipo anamaliza ndi kunena kuti timu yake silowa m'bwalo.

“Ndiye mwatuluka mu ligi,” anatero a Blasius.

“Tituluke. Ligi ndi yanu, koma mudzi uno ndi wathu. Tikafa sadzatinyamula a komiti.”

A Blasius anatembenukira kwa Elliam, kaputeni wa a Liwonde, n'kumuuza kuti alowetse anyamata ake m'bwalo, aime m'malo awo, kuti zionekere kuti iwo anabwera okonzeka. Elliam, amene ankaphunzitsa masamu kusekondale, anayang'ana masamba aja, n'kuyang'ananso anzake. Palibe amene anasuntha phazi. Anayankha mwaulemu kuti iwo ndi alendo, masambawo sanayale ndi iwo, ndipo sangawalumphe mpira uli m'manja. Anawonjezera chapansipansi kuti maliro n'kulirana.

A Blasius sanakangane naye. Anadikira mpaka wotchi inakwana hafu pasiti teni, nthawi yoyambira masewero, n'kukakhala pamuzu wa mtengo wa mango ndi fayilo yawo.

Haruna sanadikire kuona zomwe alembe. Anatsogolera anzake kumanda, komwe amuna ena anali atayamba kale kukumba. Dothi la ku Kalembo mu Okutobala ndi mwala, khasu limangodumpha. Analandirana piki mpaka manja kutuluka matuza. Posakhalitsa anangoona Elliam wafika ndi anyamata ake asanu ndi mmodzi, akupinda mathalauza oyerawo. Ena a iwo anali Akhirisitu osadziwa kuti manda a Chisilamu amakhala ndi kachipinda m'mbali, koma anawalangiza, n'kumakumba monga anauzidwira.

Itatha swala, jeneza yonyamulira mtembo inatuluka mumzikiti ikuyenda mofulumira, amuna akulandirana paphewa ndi paphewa monga mwa mwambo. Njira ya kumanda imadutsa m'mphepete mwa bwalo. Anthu a m'mudzimo anaona zomwe anali asanaonepo, amuna ovala zoyera zakiriketi, zitafiira ndi dothi, akuthamangira kutsogolo kukalandira mtembo wa munthu amene ankawathamangitsa ndi ndodo. Pansi pa mango paja a Blasius anaimirira n'kuvula chipewa mpaka womaliza atadutsa.

Anabwerako cha m'ma fili koloko, atatopa, milomo itauma. Ali m'njira Elliam anali ataganiza nzeru, ndipo anakafika nayo kwa a Blasius. Anati lamulo limalola mvula. Ngati pepala la masewero linganene kuti kunagwa mvula, matimu awiriwo agawana mapointi, Kalembo ikhalabe mu ligi, ndipo nkhani ithera pomwepo. A Liwonde sadzatsegula pakamwa, poti chikho anali atachitenga kale sabata yapitayo.

A Blasius anayang'ana fayilo yawo. Anali atakhala pamuzu paja maola anayi akumva amayi akulira, ndipo ukali wa m'mawa uja unali utaphwa. Kunena zoona, munthuyu sanali woipa mtima, ankangoopa kuti ligi yomwe anaivutikira ingafe ali maso. Pamapeto pake anati iwo ndi okalamba, kumwamba sanayang'aneko tsiku lonse, ndiye ngati makaputeni onse awiri asayina kuti kunagwa mvula, iwo ndani kuti atsutse? Anatsegula fayilo. Pamzere wa chifukwa cholepheretsa masewero analemba liwu limodzi ndi dzanja lawo lauphunzitsi: Mvula. Elliam anasayina n'kupatsira Haruna cholembera.

Mitima ya anyamata a Kalembo inakhala pansi. Sharifu mpaka anamwetulira.

Haruna anagwira cholemberacho osalemba. Anayang'ana kumwamba, kopanda ngakhale kamtambo kamodzi. Mvula inali isanadonthe ku Kalembo kuyambira mwezi wa Epulo. Ligiyo ankaifuna, Mulungu ndi mboni, ankaifuna kuposa wina aliyense amene anaima pamenepo. Koma mtima wake unakana, ndipo unakaniratu.

“Sayinani, achimwene,” ananong'ona Sharifu. “Ndi liwu limodzi lokha.”

“Mu Juni linalinso liwu limodzi.”

Sharifu anayamba kulankhula mofulumira, kuti aganizire zaka zitatu za makalata, aganizire anyamata amene asiya makasitomala Loweruka lililonse, aganizire a ku Zomba momwe akasekere. Anati iye ndi amene ananama poyamba, tchimolo likhale pa iye, koma timu isafere iye. Ena anavomereza. Ngakhale Elliam anati palibe amene apwetekedwe ndi mvula ya papepala.

“Munthu tamuyika ndi manja athu,” anatero Haruna. “Dothi lake likadali m'zikhadabomu. Ndiye timusandutse mvula? Azakhali ako amoyo tinawapha kuti tipulumuke, lero akufa tiwafafanize kuti tipulumukenso? Iyayi. Ine ayi.”

Anatsamiritsa fayilo pabondo. Anadula mzere pa liwu la a Blasius lija, ndipo pamwamba pake analemba ndi zilembo zikuluzikulu zopindika za munthu wozolowera sipanala: Kunagwa maliro a Che Zubairu. Tinakaika. Anasayina dzina lake lonse n'kubweza.

A Blasius anawerenga kawiri. Anamufunsa ngati akudziwa kuti pepala limeneli likafika kukomiti iwo sangathenso kumuthandiza. Haruna anati akudziwa. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akaliwerenge mokweza pamaso pa onse, kuti a ku Zomba ndi a ku Mangochi akamve chomwe chachotsa timu ya ganyu. Mkuluyo anagwedeza mutu n'kutseka fayilo. Sanamuyamikire, sanamudzudzule.

Chikwama anachinyamula yekha Haruna. Anatulutsa zonse n'kuziyala pansi kuti mlembi aone kuti palibe chasowa, anazibwezeramo, n'kuchikweza kumbuyo kwa minibasi. Atatseka chitseko, m'maso mwake munadzaza misozi, ndipo sanaibise. Zinamupweteka kwambiri. Anyamata atatu anali atakwera kale njinga zawo n'kuchoka osatsanzika. Sharifu anaima patali atafulatira, manja ali m'chiuno.

Minibasi itapita, Haruna anauza otsalawo kuti Lachiwiri folo koloko aliyense apezeke pabwalo. Wina anafunsa mokwiya kuti adzasewera ndi chiyani, zipangizo zapita. Haruna anati asanalowe mu ligi ankasewera ndi matabwa osema okha, ndipo mmisiri amene anawasema sanasamuke. Kalata yopempha malo alembanso mu Januwale. Akakana, alembanso.

Kenako analunjika kunyumba ya malemu, komwe amuna anali atakhala pamphasa kuseri kwa mpanda. Mwana wamkulu wa Che Zubairu anamugwira chanza n'kuthokoza chifukwa cha anyamata ake ndi alendo aja, ndipo anafunsa kuti masewerowo awasunthira tsiku liti.

“Sanasunthe. Atichotsa,” anayankha Haruna.

Mwamunayo anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma Haruna anamugwira pabondo kuti asiye, poti shehe anali atayamba dua, pemphero lopempherera malemu. Anatambasula manja ake amatuzawo pamodzi ndi anzake onse.