Namfedwa ku Bwalo la Ndege

Mwamuna wanga Yakobo atamwalira mu 1994, abale ake anasesa nyumba yathu ya ku Nabvutika. Mipando, wailesi, njinga, ngakhale mbale zadothi, zonse zinakwera lole. Kamera yokha ndiyo sanaipeze, chifukwa ndinaikwirira m'thumba la chimanga. Kamerayo ndi imene inkatidyetsa. Yakobo ankajambula maukwati ndi maubatizo, ndipo atayamba kudwala ndinkapita ndine m'malo mwake.

Mkulu wake, Abednego, nkhaniyo sanaigonere tulo. Loweruka lililonse anali pakhomo.

"Alamu, chojambulira chija ndi cha pamtundu. Ndiponso inu muli m'zakuda, simuyenera kuoneka pagulu tisanakusudzuleni."

"Chinasowa, alamu," ndinkatero. Nanga ana anga akanadya zovala zakudazo?

Tsiku lina kunamveka kuti ku bwalo la ndege kukubwera tindege tochita masewera mumlengalenga. Chipata yense anakhamukira kumeneko, ena wapansi kuchokera ku Madzimoyo. Ine ndinavala diresi langa lakuda, duku lakuda, kamera pakhosi poyerayera. Kubisa kunali kutanditopetsa.

Kubwaloko azimayi ankandiloza ndi milomo. Ine maso kumwamba. Kandege kofiira kanakwera mpaka kusanduka kadontho, kenaka kanatsika kakugubuduzika, utsi woyera uli pambuyo. Kujambula ndege si kujambula mkwatibwi, simungaiuze kuti taimani pomwepo. Mumaitsatira ndi thupi lonse, mpweya mutaugwira. Ndinkangoiphonya, filimu ikutha.

Ndili mkati moitsatira, dzanja linagwira lamba wa kamera. Anali Abednego.

"Si munati chinasowa? Manyazi mulibe? Mng'ono wanga sanaole n'komwe, inu muli pa chionetsero. Bweretsani kuno."

"Alamu, siyani lamba."

"Ndati bweretsani!"

"Muyambe mwadula khosili. Njinga munatenga, ndinakhala chete. Ili ndi khasu la ana a Yakobo."

Iye kukoka, ine kukoka. Anthu anaiwala za kumwamba n'kuyamba kutizungulira. Mwadzidzidzi kunamveka chimkokomo. Kandege kaja kanali katatembenuka chagada, kakubwera molunjika gulu, pansi penipeni. Azimayi anakuwa, ogulitsa nzimbe anataya mitolo, aliyense anadzigwetsa m'fumbi. Abednego anasiya lamba n'kugwa chafufumimba, manja kumutu, akuitana amake.

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Koma imfa inali italowa kale m'nyumba mwanga n'kutenga amene inkamufuna. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndili chiimire ndekha pagulu lonselo, n'kudina kamera.

Zithunzi zitatsukidwa, chimodzi chinatuluka bwino. Ndege inaoneka yonse, matayala ali kumwamba. Pansi pake, chakumanzere, panali Abednego, nsapato imodzi itavuka, matako atawalozetsa kumitambo.

Ndinachimata pa zenera loyang'ana kumsewu. Odutsa ankaima kuti aone ndege, koma ankachoka akuseka zina. Loweruka Abednego anafika monga mwa masiku onse. Anaima pazenerapo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Chotsani ichi, alamu," anatero motsitsa mawu.

"Kaitaneni akuluakulu a pamtundu adzatenge kamera," ndinayankha. "Aliyense ndamutsukira chithunzi ngati chomwechi choti akapachike kwawo."