Taizya Sanali Wamwano

Ndine Faides, kwathu ku Chikomeni amanditchula aNyazimba. Mwana wanga wachitatu ndi Taizya. Chaka chomwe anali mu giledi 3, atate ake, aDanwell, ananena kuti akatsekela temu imeneyo sabwelelanso ku sukulu.

ADanwell si munthu woipa. Vuto linali lakuti mwana anali kungoima. Mukulankhula naye, iye wangoti duu, maso ali pa inu koma sakukuonani, zikope zikuphethila. Pang'ono chabe wabwelela, n'kufunsa kuti, "Mwati chiyani, amama?" Patsiku amatha kutelo kambilimbili.

Aticha ake, aMadamu Justina, anandiitana ku sukulu. Anati, "Amake Taizya, mwana wanu si wopusa, koma ndikamufunsa funso amandiyang'ana ngati ndine mtengo. Anzake amupatsa dzina lakuti Netiweki, akuti imathawathawa." Ndinaseka nawo pang'ono, koma pobwelela ndinalila m'njila.

Kenaka tsiku lina anaima pakati pa msewu pochoka ku sukulu, njinga yamoto inamuphonya pang'ono. Ndi pomwe atate ake anati, "Basi, akhale pakhomo azisoka fodya. Ine sindifuna kukatola mwana pamsewu."

Ine chomwe chinali kundipsetsa mtima ndi moto. Nthawi ya mvula nkhuni zimanyowa. Ndikati, "Taizya, uzila moto," amagwada bwinobwino, fuu, fuu, fuu, kenaka wasiya. Utsi ukumulowa m'maso, iye ali chete, moto n'kuzima. Madzi amatunga, nshawa, mtedza uja, amatongola, koma pamoto tsiku lililonse zomwezo. Tonse pakhomo tinagwilizana kuti ndi ulesi ndi mwano. Akulu ake anali kumuseka kuti, "Abwana safuna utsi." Atate ake anamukwapulapo ndi kamtengo.

Za khunyu sitinaganizile n'komwe. Khunyu yomwe timadziwa, yomwe kwathu timati vizilisi, munthu amagwa pansi, kuphupha, thovu kukamwa. Wathu sanagwepo.

Ndi aMadamu Justina amene anandiuza kuti ku chipatala cha ku boma kukubwela dokotala wa ana wochokela ku Chipata, woona matenda a m'mutu ndi a mitsempha. Nditauza aDanwell anati, "Kulinso dokotala wa mwano manje?" Koma tsikulo ndi iwo anayamba kuvala jekete. Tinakwela galimoto ya kanta yonyamula chimanga mpaka ku Lundazi.

Pamzele ndinachita manyazi. Ana a anzanga ena anali ndi mitu yaikulu, ena aakulu ndithu koma khosi silinalimbe, ali kumbuyo kwa amayi awo. Wanga anali kuthamangathamanga pakhonde. Mayi wina anandifunsa kuti, "Nanga wodwala ndi uti, ndi adadawa?"

Dokotalayo anali mzimayi wamng'ono thupi, ine ndinayesa ndi mwana wa sukulu ya unesi. Anati, "Monile mose," ChiTumbuka chake chokhota, Taizya mpaka anaseka. Anatifunsa zambili: mmene ndinabeleka, ngati mwana anadwalapo malungo aakulu, ngati anagundapo mutu. Anamuunika m'maso ndi tochi, anamugogoda maondo ndi kahamala ka labala, anamuyendetsa m'chipindamo. Zonse zinali bwino.

Kenaka anang'amba pepala, n'kumupatsa. "Gwila apa, mwanangu. Uziuzila mwamphamvu, lizigwedezeka, usasiye mpaka ndinene."

ADanwell anandinong'oneza kuti, "Tachoka ku Chikomeni kudzauzila pepala?"

Dokotala anamva. "Adada, khalani chete muone."

Taizya anauzila, fuu, fuu, fuu, nthawi yaitali ndithu. Mwadzidzidzi pepala linasiya kugwedezeka. Dzanja linatsika pang'onopang'ono, maso ali gwa, zikope zikuphethila. Dokotala anakweza mawu pafupi ndi khutu lake, "Taizya, mbuzi yofiila!" Mwana osatembenuka. Posakhalitsa anabwelela, n'kuyambanso kuuzila ngati palibe chachitika.

"Ndanena chiyani manje manje?" anamufunsa.

"Simunanene kanthu, adokotala."

Ine ndinangozindikila ndakuwa kuti, "Moto!" Onse ananditembenukila. Ndinafotokoza za nkhuni zonyowa zija.

Dokotala anati, "Ndi zomwezo, amama. Iyi ndi khunyu, koma ya mtundu wina, yosagwetsa. Ubongo umazima kanthawi kochepa, ngati malaiti akaphethila. Kupuma mofulumila kumaiputa, n'chifukwa chake imamugwila pouzila moto. Nthawi imeneyo sakumva, sakuona, ndipo sakumbuka."

ADanwell anafunsa motsitsa, "Ndiye tikamamuitana samatimva?"

"Olo pang'ono."

"Olo mutamukalipila?"

"Amangoona kuti mwakalipa, chifukwa chake sachidziwa."

ADanwell anapotokola chipewa m'manja. Ndiye anafunsa za sukulu. Anati msewu ndi woopsa, mwina mwana akhale kunyumba.

"Ai, adada. Mutu wake ndi wabwino. Mankhwala alipo, ndipo ana ambili otele amasiya akamakula. Si matenda opatsilana, azidya ndi anzake mbale imodzi. Chachikulu, kufikila mankhwala atagwila, asakhale yekha pamoto, pachitsime kapena pamsewu. Sukulu musamuchotse."

Anatipatsa mapilitsi omwa m'mawa ndi madzulo, anatichenjeza kuti tisasiye ngakhale aoneke ngati wachila. Nesi wina, aSista Racheal, anabwelezanso zonse m'ChiTumbuka chenicheni kuti tisasokoneze. Ine ndinagwada kuthokoza, ndinati, "Yewo chomene, Chiuta wamutumbikeni." Dokotala anandidzutsa, anati pansi pali fumbi.

Titatuluka aDanwell anasowa. Tinawapeza pageti atagula vitumbuwa ndi dilinki. Anapatsa Taizya. Mwana anadabwa, anati, "Adada, zonsezi n'zanga?" Iwo anangoti, "Idya, iwe."

Masabata oyamba sizinali zophweka. Mankhwala anali kumupatsa tulo ndi kumupweteketsa m'mimba. Tinabwelelanso ku boma, anatiuza kuti azimwa atadya, anasinthako ndi mlingo. Kuima kuja kunayamba kuchepa. Pofika nthawi yokolola chimanga ndinakhala tsiku lonse ndikumuyang'anitsitsa, sindinaone kanthu.

Za sukulu aDanwell sanayankhe tsiku lija, ndipo holide yonse sanatchule. Ine ndinachapa yunifomu, ndinaiika pansi pa matilesi, osafunsa. M'mawa wa tsiku lotsegulila ndinamva akupopa njinga panja. Anamanga kathaulo pa keliyala, n'kuitana.

"Taizya! Ukuchita chiyani m'nyumbamo? Ufuna aMadamu azidikila iwe?"

Temu yonse anali kumupeleka ndi kukamutenga, anzawo kumunda akuwaseka kuti alembedwa ntchito ya udalaivala. Manje ali mu giledi 5, amayenda ndi anzake. Masamu amamuvutabe chifukwa zambili zinamupita nthawi ija, ndiye aMadamu Justina amamusunga pang'ono ena akaweluka. Chaka chino nshawa zikauma ndiwapelekela thumba lawo.