Kamera Kuseri kwa Chipinda cha Makanda

1.
Chiperoni chinatsika m'phiri kusanache bwino. Layisoni Makwinja, wakabaza, anafika pachipatala atanyamula phala la mkazi wake. M'chipinda cha makanda munali mwana wawo, wobadwa masiku asanakwane, wopanda dzina.

2.
Kuseri kwa chipindacho anapeza mlendo wa jekete yachikasu ataloza khoma ndi kachipangizo.
Achimwene, mukujambula chiyani? anafunsa Layisoni.
Kutentha, bambo, anatero mlendoyo akumwetulira. Kamera iyi imaona pomwe nyumba ikutaya kutentha. Makanda akuzizidwa m'menemu, ndiye andituma ndipeze pofunika kumata. Taonani, chofiiracho ndicho chikutuluka.
Layisoni anasuzumira. Khoma labuluu. Pansi pa malata, m'mphepete mwa zenera, chofiira.
Chofiira chikutuluka.

3.
Zimene zinkamveka pa siteji ya kabaza mwezi umenewo:
amabwera ndi makina,
amapopa magazi ali patali,
khoma siliwatchinga,
amayamba ndi ofooka.

4.
Dzulo lake. Mwanayu musamugwire ndi manja ozizirawo, anatero anamwino, Mayi Mwalabu. Iwe Layisoni unangomuyang'ana, kamunthu kongodzaza chikhatho, n'kuganiza kuti magazi ake onse sangadzaze kapu.

5.
Namapopa!

6.
Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Layisoni phala lisanafike pansi ndipo anthu anachokera konsekonse, anzake akabaza, amayi odikirira odwala atagwira zikuni zapamoto, wamandasi, wina ali ndi tcheni cha njinga, mlendoyo akukweza chitupa m'mwamba, ndine wa ntchito abale anga funsani anamwino, njerwa inamupeza pakamwa asanamalize, anadzandira n'kutsamira khoma la chipinda chija, miyala ikumutsatira, gwirani ameneyo, watimaliza, tibwezere magazi athu galu iwe, ndipo Layisoni anatola chibuma ndi manja onse awiri, anaponya ndi mphamvu za bambo woteteza mwana wake, china chake chinasweka

7.
Kamera inagwa chagada, ikuyakabe. Mkulu wina anaitola, analoza khamu.
Tonse tafiiratu umu, anatero.
Analoza mbuzi.
Nayonso.
Palibe anaseka. Mlendo uja anali gone m'ngalande, jekete itanyowa.
Chofiira chikutuluka.

8.
Mayi Mwalabu anatuluka opanda nsapato, anagwada, anamugwira mlendoyo pakhosi.
Akupumabe. Munyamuleni. Inu nomwe, zitsiru inu, munyamuleni!
Amene anam'menya ndiwo anamunyamula.

9.
Layisoni sananyamule nawo. Chibuma chake sichinamugunde mlendoyo. Chinadutsa pamwamba pa mutu wake n'kuswa zenera la chipinda cha makanda.
Anavula malaya, anawatsindira pabowolo, koma bowo linali lalikulu. Anatembenuka n'kutsekapo ndi msana. Magalasi otsala anamulowa m'mapewa. Mpweya wofunda unkamudutsa m'khosi, kupita kuphiri.
Kumbuyo kwake, m'chipindamo, anamva mkazi wake akuyankhula chapansipansi.
Anamwino ali kuti? Mwanayu wasiya kulira.
Layisoni sanacheuke. Akanacheuka, mphepo ikanalowa.