Mapazi a Asilikali pa Mlatho wa Waya

Mlatho wolendewera pa zingwe za waya umene unamangidwa kwa Kalembo mu 1957 sunkamugonetsa tulo Elliam. Iye anali atangobwera kuchokera ku Mangalande, kumene ankachita maphunziro a udokotala, osati wa jekeseni, koma wofufuza mmene milatho imagwedezekera. Maganizo ake anali akuti mlatho ukaukankha pang'ono umagwedezeka pang'ono, koma pali malire ena pamene maboti amayamba kusewera m'mabowo mwake, ndiye kugwedezekako kumalumpha mwadzidzidzi. Aphunzitsi ake anamumvetsera mwaulemu, n'kumuuza kuti abweretse umboni.

Anaika bokosi lake pagombe. Mkati mwake munali cholembera chojambula mzere pa pepala loyenda, ndipo kawaya kake kanamangidwa pakati pa mlatho. Chimene chinatsala ndi anthu oti awoloke.

Apa ndi pamene analowerera amalume ake, a Abdulrazak, mlongo wawo wa mayi ake. Bambowa anamenya nkhondo ku Burma n'kubwerako ali sajeni, ndipo usajeniwo sanauvule mpaka kumudzi. Ndiwo ankatsogolera gule wa beni, ngakhale popita ku mzikiti ankayenda ngati pali wina akuwaimbira lipenga.

"Anthu ndikupezera ine," anatero. "Usatenge alimi oyenda ngati abakha."

"Abakhawo ndi amene ndikufuna, amalume. Aliyense aziyenda mwa iye yekha. Mapazi asagwere pamodzi ayi."

A Abdulrazak anavomera ndi mutu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mwana wophunzira kwa Azungu angafune bwanji chisokonezo? Anaganiza kuti mnyamatayo akungochita manyazi kupempha zabwino.

M'mawa mwake anabwera ndi anzawo a beni, onse asilikali akale, atavala makabudula a khaki osita bwino. Mvula inali itagwa kumapiri, ndipo mtsinje unadzaza madzi ofiira okokolola mitengo. Anthu a m'mudzi anaima pagombe kudzaonerera.

Asilikali aja anayamba bwino kuwoloka. Aliyense anaponda mwa iye yekha, nkhope zili zowawa ngati awauza kuti ayende maliseche. Cholembera chinajambula timafunde ting'onoting'ono. Kenaka mayi wina pagombe anaseka.

"Asilikali a Mfumu ndi amenewa? Bola mbuzi zanga!"

Elliam anaona msana wa amalume ake ukuwongoka. Panalibe amene analamula. Phazi la uyu linangopeza la uyo, la uyo linapeza la winayo, ndipo matabwa anayamba kulira kamodzikamodzi. Amayi anaimba nthungululu.

Mlatho unayamba kupita uku ndi uku. Timafunde tija tinakula pang'ono, kenaka cholembera chinalumpha mpaka m'mphepete mwa pepala. Maboti anayamba kulira ngati mano a munthu wa malungo. Asilikaliwo anali pakati penipeni, pamwamba pa madzi akuya, ndipo mlatho ukapendekera kumanzere onse ankaponda kumanzere kuti asagwe, n'kumaukankha kwambiri osadziwa.

"Sokonezani mapazi!" anakuwa Elliam. "Amalume, sokonezani!"

Mkokomo wa madzi unameza theka la mawuwo. A Abdulrazak anatembenuza khosi, thukuta lili kamukamu, koma miyendo yawo sinaleke. Chifukwa cha mantha, Elliam anakuwa mawu amene aliyense akanakuwa.

"Imani!"

Awa anawamva. Koma msilikali saima ngati munthu wamba. A sajeni anakoka mpweya, anapereka lamulo, ndipo gulu lonse linakweza bondo lakumanja n'kumenyetsa phazi pansi nthawi imodzi.

Chingwe cha mbali imodzi chinapulumuka pa chomangira chake ndi phokoso ngati mfuti. Mlatho unapendekeka, anthu anagwerana, ena anakakamira waya miyendo ili lendelende pamwamba pa madzi. Nthungululu zinasanduka kulira. Elliam anakwawa ndi mimba pa matabwa opendekekawo, akuitana aliyense kuti abwere mmodzimmodzi, osathamanga. Anakwawadi, wina pambuyo pa mnzake, milomo ikutchula dzina la Allah.

Otsiriza anali a Abdulrazak. Mwendo wawo unapanikizika pakati pa thabwa ndi chitsulo, ndipo atautulutsa unali utapindika pamalo pamene mwendo supindika. Anawanyamula mpaka pagombe n'kuwagoneka pafupi ndi bokosi, anthu akuthamangira kukadula mitengo ya machira.

Pepala linali likuyendabe. Elliam analiyang'ana mosafuna, ndipo zonse zinali pomwepo: timafunde, kenaka kulumpha kuja, koyera bwino kuposa mmene ankalotera.

Dzanja la amalume ake linamugwira malaya. Milomo yawo inali itauma, koma maso ankafunafuna nkhope yake.

"Elliam, mwana wa mlongo wanga," ananong'ona. "Makina akowo alemba? Uwauze Azungu ako. Palibe ngakhale mmodzi amene anaphonya phazi."

Elliam anatsegula pakamwa kuti awauze zoona. Anayang'ana mwendo uja, umene sudzavinanso beni.

"Alemba, amalume," anatero. "Palibe anaphonya."