Nsanza Yofiira

Abale awiriwa anasiya kulankhulana chaka chimene ng'ombe ya wamkulu inathyola khola n'kukadya chimanga cha wamng'ono. Mawu amene anatuluka tsiku limenelo sindiwabwereza, chifukwa ena anakhudza ndi malemu omwe. Vuto linali lakuti munda umene bambo awo anawasiyira unali umodzi. Pakati panali chimanga cha wamng'ono, m'mbali mwake mizere ya nsenjere, udzu umene wamkulu ankadulira ng'ombe yake.

Ng'ombeyo dzina lake inali Mawanga, ndipo wamkulu analibenso china. Mkazi anamwalira, ana anapita kutauni n'kuiwala njira yobwerera. Madandaulo ake onse ankauza Mawanga kwinaku akumuchotsa nkhupakupa. Chaka cha nkhani yathuyi ng'ombeyo inali ndi bere, mimba itafika apo, ndipo iye anali atayala kale udzu wouma pakona pa khola, podzagona mwana wa ng'ombeyo.

Mankhwala a mbozi sadziwa malire. Ukapopera chimanga, mphepo imawatengera pa udzu. Ndiye anthu osalankhulanawa anali ndi njira yawo. Wamng'ono akapopera, ankamanga nsanza yofiira pamtengo wa pangodya ya munda, ndipo wamkulu akaiona ankakadula udzu kudambo. Mankhwala akatha mphamvu, nsanzayo inkabwerera pansi pa mwala, patsinde pa mtengowo. Nsanza inkalankhula, eni ake ali duu.

Tsiku lina waya womangira chitseko cha khola unaduka. Wamkulu anasakasaka chingwe osachipeza, ndiye anakavundukula mwala uja n'kutenga nsanza. "Ndibweza mawa," anauza Mawanga. Mawa limenelo silinafike.

Kenako mbozi zinagwa m'chimanga. Masamba anabooka ngati sefa, ndipo ukasuzumira pamtima pa phesi umapeza chimbozi chakhuta, chagona m'zitosi zake. Wamng'ono anaonda ndi maganizo. M'mawa wina, mkulu wake atapita kukagula madeya, anasakaniza mankhwala mopyola muyezo n'kupopera munda wonse mphepo ikuomba.

Wamkulu anabwera masana, natenga chikwanje. Atafika pangodya anaima. Pamtengo panali kachidutswa ka thumba, koyera.

Zoyera si zofiira, anadziuza. Mwina mphepo yabweretsa. Koma mphepo simanga mfundo, ndipo iye ankadziwa. Kafungo ka mankhwala kanalipo, koma anati ndi kakalekale. Anatembenuka. Mng'ono wake anali pakhomo pake apo, akumata chubu cha njinga, pafupi poti ngakhale kutsokomola akanamva. Funso linakwera mpaka pakhosi. Ndiyambe ine? Ine wamkulu, ndikagwade kwa mwana amene ndinkamupukuta mamina? Analimeza funsolo n'kuwerama kudula udzu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa wodya anali wina.

Mawanga anadya mokondwa, akupukusa mchira. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni anayamba kuchucha dovu. Minofu inkanjenjemera yokha, mpweya ukutuluka movutika, kenako miyendo inagonja. Wamkulu anathamanga ngati mnyamata kukatenga dokotala wa ziweto. Dokotalayo ananunkhiza udzu wotsala m'chodyeramo, nayang'ana maso a ng'ombe, nabaya jakisoni mopanda chikhulupiriro.

"Bambo, mwachedwa," anatero. "Ndipo nyamayi munthu asalawe, ngakhale galu. Mukwirire yonse, ndi mwana yemwe ali m'mimbayo."

Wamkulu anakhala pansi m'ndowe, mutu wa Mawanga uli pamiyendo, mpaka unalemera n'kuzizira. Analira, ndipo sanabise. Pamaliro a mkazi wake anthu ankamugwira mapewa, koma apa panalibe womugwira.

M'mawa mwake anayamba kukumba dzenje kuseri kwa khola. Dothi linali louma, msana ukukana. Anamva mapazi kumbuyo. Anali mng'ono wake, khasu lili paphewa, maso ali ofiira. Anaima pachitseko cha khola, nayang'ana chimene chinachimanga. Nsanza inali pompo, itada ndi manja, koma yofiirabe.

"Achimwene," anatero, "pansi pa mwala ndinapeza palibe. Ndiye ndinamanga yoyera."

"Ndinaiona."

"Munaiona? Nanga bwanji osandifunsa?"

"Iwe bwanji osandiuza? Unandiona ndikudutsa ndi chikwanje."

Wamng'ono anazolika. Anamuonadi. Anamuona akuima, akutembenuka, akuwerama, ndipo naye anadikira kuti mkuluyo ayambe.

Wamng'ono analowa m'dzenje, nayamba kukumba mbali inayo. Makasu awiri ankagunda mosinthana, monga bambo awo anawaphunzitsira ali ana. Atamaliza anakoka Mawanga, wina kutsogolo wina kumbuyo, namukwirira.

Wamkulu anapita kuchitseko, namasula nsanza ija, naipereka kwa mng'ono wake.

"Tenga, ukabweze pansi pa mwala."

Wamng'ono anaiyang'ana, nayang'ana khola lopanda kanthu, ndi udzu wouma uja uli chiyalire pakona.

"Ndizimangira ndani tsopano, achimwene?"

Chitseko chinatseguka chokha, ndipo panalibe chifukwa chochitsekera.