Mapoto a Lamulungu

Bambo anga amagwira ntchito pa depoti yotumizira katundu. Munthu ukabwera ndi katoni yako kapena thumba, amaliika pa sikelo yaikulu yachitsulo imene ili pakhomo, n'kulimata pepala, n'kulikankhira mkati kuti lidikire lole. Ntchitoyi aigwira zaka zambiri moti anzawo anasiya kalekale kuwatchula dzina. Amangoti a Sikelo.

Chaka chatha maondo anayamba kuwavuta kwambiri kuposa kale. Atapita kuchipatala, dokotala sanachedwe nawo maondowo. Anawauza kuti magazi akuthamanga, matenda a shuga ali pakhomo, ndipo thupi liyenera kutsika. Bambo si munthu wokonda kutsutsana ndi dokotala. Lolemba lotsatira anasiya kukwera basi popita kuntchito, anachotsa shuga mu tiyi, n'kuyamba kunyamula kakontena ka nyemba, kabichi ndi mpunga pang'ono. Masana anzawo akamagula tchipisi, iwo ankakhala pa benchi kuseri kwa mashelefu n'kumadya zawozo atayang'ana kukhoma.

Lachisanu poweruka ankavula nsapato n'kukwera pa sikelo ya katundu ija, n'kupeza muvi wabwerera m'mbuyo pang'ono. Lolemba m'mawa akakweranso, muvi unkakaima pakale. Dalaivala wina wa lole, wopanda manyazi, ankati katundu ameneyu akangogona kunyumba masiku awiri amabwera atalemera ngati matilesi oiwalidwa pa mvula. Bambo ankaseka nawo, koma kunyumba ankafika ali duu.

Loweruka ndi Lamulungu ndiwo ankagumula zimene amanga sabata yonse. Loweruka masana kunkabwera a Telala, mnzawo wapafupi wosoka zovala, kudzaonera mpira pa TV, atanyamula nyama yootcha yokulunga m'pepala ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera. Timu yawo ikagoletsa, bambo ankadya mosangalala. Ikagoletsedwa, ankadya mokwiya.

Lamulungu ndiye linali lathu. Chimwalirire amayi, bambo ndi amene amatiphikira tsiku limeneli. Kuphika anaphunzira atakula kale, m'mapoto omwewo a amayi, ndipo amaphika ngati akudikira mpingo wonse. Timabwera ine ndi ana anga, achimwene ndi alamu ndi ana awo. Mapoto a mpunga, nkhuku ndi mbatata ankaikidwa pakati pa tebulo, aliyense n'kumadzipakulira. Ana, monga ana, ankaluma ntchafu kawiri n'kuthamangira panja. Zotsala zawozo bambo ankazimaliza ataimirira pa sinki, uku akutsuka mbale. Amati chakudya chimene munthu wachiphika yekha sangachione chikulowa m'bini.

Ine ndi achimwene tinakambirana pa foni, n'kugwirizana kuti tiyambe tasiya kupitako Lamulungu. Tinati kukapanda kukhala alendo, sikukhala mapoto. Titawauza, anangoti chabwino, ngati taona choncho.

Tinajomba kangapo. Kenako tsiku lina ndili ku saluni kumene ndimagwira ntchito, mutu wa kasitomala uli m'manja, foni inalira. Anali bambo. Anandiuza mosabisa kuti nzeru yathuyo yawanenepetsa. Lamulungu manja ankangopita okha ku poto wamkulu, ndipo ankazindikira mpunga wapsa kale kuti wodya ndi mmodzi. M'nyumba munali zii, ndiye ankangoyenda kuchoka pa mpando kupita ku furiji, kuchoka ku furiji kubwerera pa mpando.

“Mubwere Lamulungu lino,” anatero. “Koma aliyense abwere ndi makontena opanda kanthu. Uwauzenso achimwene ako.”

Tinapita nawo makontenawo, tikudabwa. Tinawapeza atavala epuloni ya amayi, ataphika monga mwa masiku onse. Asanatsegule poto aliyense, anatifotokozera zimene anakhala akuganiza poyenda wapansi kupita kuntchito. Anati pakati pa sabata sikuti amakhala munthu wolimba mtima kuposa Lamulungu ayi. Kungoti chakudya cha masana amachiyeza m'mawa atakhuta, chikatha chatha, ndipo akangomaliza kudya pamakhala kasitomala pakhomo. Lamulungu chakudya chimakhala chosayeza, chili pamaso pawo, ndipo palibe chowadzutsa pa tebulo. Ndiye anaganiza zolitenga Lamulungu ngati tsiku la ku depoti.

Mapoto sanabwerenso pa tebulo. Anatiimika pamzere pa chitofu, aliyense ndi mbale yake, iwo n'kumatipakulira. Ana anawapatsa pang'onopang'ono, n'kuwauza kuti wofuna zina abwerenso. Mbale yawo inali yomaliza: masamba theka lonse, chidutswa chimodzi cha nkhuku atachisenda khungu, ndi mpunga wokwana m'dzanja. Kenako, asanakhale pansi n'komwe, anagawa zotsala zonse m'makontena athu aja, n'kutseka, n'kukawaika m'zikwama zathu pafupi ndi chitseko. Achimwene anafunsa ngati atimatenso mapepala pamphumi. Bambo anayankha kuti katundu wolongolola amatumizidwa pa lole yoyamba.

Titamaliza kudya sanayandikire sinki. Anavala chipewa, n'kuitana adzukulu onse kuti akaone sitima pa mlatho wa njanji, umene uli chapatali ndithu. Mbale tinatsuka ine ndi alamu. Pobwera ana anali atatuwa ndi fumbi, bambo akupuma mokoka, malaya atanyowa kumsana, koma nkhope ili ngwee.

Za Loweruka ndinazimva kwa a Telala, amene anandiimitsa pamsewu kudzadandaula. Anati mnzawoyo tsopano amadya kaye chakudya chenicheni mpira usanayambe, ndipo pa tebulo amaika mulu wa malalanje. Mpira ukafika pothina, manja amakhala pa ntchito yosenda. Nyama amatengako zidutswa ziwiri, yotsalayo n'kuikankhira kwa mwini wake. A Telala anati mwina posachedwa ayamba kukulitsa malaya awo eni.

Zinayenda bwino kwa miyezi ingapo, mpaka Lamulungu limene kunabwera azakhali. Azakhali ndi alongo awo a bambo, aakulu, amene anawalera makolo awo atamwalira, ndipo moyo wawo wonse akhala akuphika makeke a maukwati. Anafika ndi keke yaikulu m'chitini. Atangowaona bambo, maso awo anaima pa khosi, pamene kolala inali itayamba kusiya mpata. Sanakhale pansi. Anandikokera kukhitchini n'kundifunsa monong'ona kuti mlongo wawo akudwala chiyani chimene tikuwabisira. Nditawauza kuti ndi dala, sanakhulupirire. Ataona mzere wa pa chitofu ndi makontena aja, anakwiya zenizeni. Anati ana amasiku ano tafika polanda chakudya pakamwa pa bambo athu n'kumapita nacho kwathu.

Anadula keke okha. Chidutswa chimene anaika pamaso pa bambo chinali ngati njerwa. Bambo anachiyang'ana, n'kuyang'ana alongo awo. Anatenga foloko n'kudya chonse. Azakhali anawonjezera china, anadyanso. Tsiku limenelo ku mlatho sikunapitidwe, ndipo madzulo ndinawaona bambo akutulutsa kontena imodzi m'chikwama changa.

Ndinali ndi mantha kuti basi, zathera pamenepo, kapena ayamba kudzilanga ndi njala. Lolemba ndinawaimbira. Anandiuza kuti muvi wakwera ndithu, koma adya tiyi wawo m'mawa ndipo kakontena ka nyemba kali m'chikwama monga mwa masiku onse. Anati lole ikaphonya msewu umodzi, dalaivala sakaigwetsera kuphompho chifukwa chokhumudwa, amangobwerera. Kenako anandipempha kuti Loweruka m'mawa ndiwaperekeze kukabweza chitini cha keke.

Azakhali amakhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni, ndipo kulibe chikepe. Kwa zaka zingapo bambo akapita kukawaona ankaima pansi n'kuimba foni, azakhali n'kutsika, n'kumachezera pa benchi ya pabwalo, chifukwa maondo sankawalola kukwera. Tsiku limenelo nditatulutsa foni, anandigwira dzanja kuti ndibweze m'thumba. Anagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe n'kuyamba kukwera. Ankapumira pokhotera paliponse, thukuta likutsikira m'makutu. Ine ndinali pambuyo ndi chitini, mtima uli m'mwamba. Sanabwerere.

Azakhali atatsegula chitseko anangoima, dzanja lili pa chifuwa.

“Mwakwera nokha?” anafunsa.

“Ndekha, achemwali,” anatero bambo, akupezabe mpweya. “Matenda amene ndikudwala ndi amenewa. Keke yanu sindidzaikana mpaka kufa. Koma muzindidulira kochepa, kuti ndizitha kubwera kudzaidyera kuno.”

Azakhali anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kuyamba kuwakalipira kuti munthu safika pakhomo pa mnzake osachenjeza, m'nyumba musanasesedwe. Anawakhazika pa mpando wa pawindo, n'kuwaonetsa maluwa awo a m'zitini ndi uvuni watsopano umene bambo ankangoumva m'nkhani. Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Keke inabwera, ndipo kachidutswa ka bambo kanali kopyapyala, ngakhale kuti azakhali anakadula akung'ung'udza. Potsika ndiye panali ntchito, chifukwa maondo amawawa kwambiri potsika, koma tinafika pansi bwinobwino.

Lero bambo akadali munthu wathupi, ndipo Lolemba lina muvi umakwerabe, makamaka kukakhala phwando la mdzukulu. Koma dokotala anawachepetsera mankhwala, ndipo amatha kugwada n'kumanga okha zingwe za nsapato. Mwezi watha anandipempha kuti ndiwaperekeze kukagula thalauza. Anayesa angapo, akudziyang'ana pagalasi kutsogolo ndi kumbuyo ngati mnyamata wopita kokafunsira. Wogulitsa anawanyengerera kuti atenge atatu popeza awakhala bwino. Bambo anasankha imodzi yokha, yotuwa, n'kumuuza mwaulemu kuti enawo akagula pano awataya msanga, chifukwa sanamalize kutsitsa thupi.