Chitsa Chaoneka M'damu

Ine Mabvuto, ntchito yanga ndi kutembenuza gudumu limodzi lachitsulo basi. Kuno ku Magodi kampani ina inaika makina opangira magetsi owotcha zitsononkho, ndipo utsi wake usanatuluke pa chumuni umatsukidwa ndi madzi a m'damu lathu. Ndikatsekula gudumulo, madzi amathamanga, utsi n'kutuluka woyera. Ndikalitseka, damu limapuma koma kumwamba kumada bii.

Pakati pa damulo pali chitsa cha mkuyu. Kuyambira kale, chikangotulutsa mutu palibe amachapa kapena kuthirira dimba. Madzi otsalawo ndi akumwa anthu ndi ng'ombe. Chaka chino chinaoneka Okutobala atangoyamba. Akuluakulu a kampani chitsa sachidziwa, iwo amadziwa mapepala.

Bambo anga, a Nason, ali ndi ng'ombe khumi ndi zinayi, ndipo mayina ake amawadziwa kuposa a adzukulu awo. Lolemba m'mawa anandipeza pa mpanda wa makina. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangondifunsa ngati chitsa ndachiona, kenako anati:

"Mwana wane, madzi akasila, ng'ombe zanga zizamwa malaiti?"

Mawuwo anandivutitsa tsiku lonse. Ndiye ndinapanga nzeru za ndekha, zija amati anaviika nsima m'madzi. Masana aliwonse bwana akapita ku boma, ndinkatseka gudumu maola atatu. Ndinkadzitonthoza kuti mphepo imakankhira utsi kuthengo, ndipo kuthengoko atsokomole ndani? Koma mphepo ya Okutobala ilibe mwini. Lachinayi inatembenukira kumudzi.

Mkazi wanga Tryphena, mayi a Fiskani wathu, ali ndi mphumu chibadwire. Ndinamukwatira ndikudziwa zimenezo. Nditaweruka ndinapeza zovala pachingwe zili ndi timadontho ta mwaye, chitseko chili chotsekula, pakhomo pali zii. Mlongo wanga Linah anandiuza kuti amutengera ku kiliniki pa njinga, chifuwa chikulira ngati mpope wobooka. Ndinathamangira komweko. Ndinali ndi mantha, mantha enieni, ndipo ndinalibe womuloza chala.

Ndinamupeza atamuveka chophimba kumphuno, makina othandiza kupuma akulira pambali pa bedi. Chingwe chake ndinachitsata ndi maso mpaka pakhoma. Magetsi athu omwe aja. M'njira ndinali nditaganiza zokapempha bwana kuti azimitse zonse mpaka mvula igwe, koma ganizolo linathera pakhoma pomwepo.

Tryphena anasuntha chophimbacho pang'ono, n'kundiitana m'dzina la mwana wathu.

"Awisi Fiskani, utsi uja siunali woyela lelo. Makina yaonongeka?"

Ndinati ayi, sanawonongeke. Anangondiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti wamva zonse.

M'mawa mwake ndinatsekula gudumu mpaka kumapeto. Paipi inanjenjemera, madzi n'kuyamba kukwera. Kutsidya kwa damu bambo anali ataima m'matope ndi ng'ombe zawo, chitsa chitatuluka mpaka m'chiuno. Atamva pampu ikulira anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Sindinakweze dzanja kuwapatsa moni. Manja onse awiri anali pa gudumu, ndipo ndinkaopa kuti ndikangosuntha ndilitsekanso.